Matenda Opatsirana Pogonana Amadutsa mwa Anthu Ooneka Athanzi

Munthu akangouzidwa kuchipatala kuti wapezeka ndi matenda opatsirana pogonana, funso limene limabwera msanga m'mutu mwake ndi lakuti wamupatsira ndani. Funsoli ndi lomveka, koma ine ndimaona kuti limathamangira kufunafuna wolakwa munthu asanamvetse chimene chachitika m'thupi mwake. Funso limene ndikufuna kulondola pano ndi lina: kodi kachirombo kamachoka bwanji m'thupi la munthu mmodzi n'kukakhazikika m'thupi la mnzake? Yankho lake likadziwika bwino, zinthu zambiri zimene timaziopa popanda chifukwa zimasiya kutiopsa, ndipo zina zimene timazitenga mopepuka zimayamba kuoneka kukula kwake. Chachikulu chimene yankholi limaulula ndi chakuti amene amapatsira mnzake matendawa kawirikawiri amakhala akupeza bwino m'thupi, alibe chilonda chimene akuchidziwa, ndipo sadziwa n'komwe kuti ali ndi kanthu koti angapatsire wina.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti pali tizirombo toposa 30 timene tingafalikire pogonana, ngakhale kuti 8 mwa timeneti ndi timene timadwalitsa anthu ochuluka. Matenda anayi amachizika, ndiwo chindoko, chinzonono, chlamydia ndi trichomoniasis, pamene ena anayi amayamba ndi mavairasi a HIV, herpes, HPV ndi hepatitis B (imene imagwira chiwindi). Bungweli linawerengera kuti m'chaka cha 2020 chokha, pakati pa anthu a zaka 15 mpaka 49, matenda ochizikawo anagwira anthu maulendo 374 miliyoni, kutanthauza anthu oposa 1 miliyoni tsiku lililonse. Chiwerengero chotere sichikanafikika opatsira akanakhala okhawo amene akudwala moonekera, pakuti munthu amene akumva kuotcha pokodza kapena ali ndi bala lopweteka safuna kukhudzidwa, ndipo amafulumira kukafuna mankhwala.

Tizirombo tambiri mwa timeneti ndi tofooka kwambiri tikakhala kunja kwa thupi. Kachirombo ka chindoko, kamene Fritz Schaudinn ndi Erich Hoffmann anakaona koyamba ku Berlin mu 1905, ndi kopyapyala, kopotanapotana, ndipo kamafa kakangouma. Ka chinzonono, kamene Albert Neisser anakatulukira mu 1879, nakonso sikapirira kuuma, ndipo HIV imatha mphamvu msanga madzi a m'thupi amene inalimo akauma. Kufooka kumeneku ndiko kumatiuza chifukwa chake matendawa amadalira kugonana. Tizirombo totere timafuna malo ofunda ndi a chinyezi, timafunanso kuti pasakhale mpata pakati pa pomwe tikuchoka ndi pomwe tikulowera, ndipo palibe mchitidwe wina wa anthu umene umakwaniritsa zonsezi nthawi imodzi kuposa kugonana. N'chifukwa chake kugwirana chanza, kukumbatirana, kumwera chikho chimodzi, kusambira m'madzi amodzi kapena kukhala pachimbudzi chimene wakhalapo wina sikupatsira munthu chindoko, chinzonono kapena HIV.

Njira yoyamba, imenenso ndi yodziwika kwambiri, ndi ya madzi a m'thupi: umuna, timadzi timene timatsogola umuna usanatuluke, chinyezi cha kumaliseche kwa mayi, ndi mafinya. Khungu la pamkono kapena pantchafu ndi lochindikala ndipo pamwamba pake ndi pouma, choncho madziwa akagwerapo tizirombo sitipeza polowera. Koma mkati mwa maliseche a mayi, m'njira ya mkodzo, kotulukira chimbudzi, pakhosi ndi m'maso muli nembanemba yofewa imene ilibe chitetezo chotere. Pakhomo la chiberekero pali malo ena pamene maselo anangoyalana mzere umodzi wokha, ndipo maselo amenewa ndi amene tizirombo ta chinzonono ndi chlamydia timakonda kumatirira. Mwa atsikana achichepere malo ofewawa amakhala otambalala ndi oonekera kunja kuposa mwa amayi aakulu, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene atsikana amatengera matendawa mosavuta. Tionjezerepo kuti umuna umakhala m'thupi la mayi kwa maola ambiri kugonana kutatha, pamene chinyezi cha mayi chimangokhudza mwamuna kwa kanthawi. Mabuku a zachipatala amanena kuti pa kugonana kamodzi kosadziteteza ndi munthu wa chinzonono, pafupifupi theka la amayi amatenga matendawa, pamene mwa amuna amatenga ndi pafupifupi mmodzi pa asanu alionse.

Kachirombo sikasankha kuti nembanembayo ili mbali iti ya thupi. Chinzonono chimakhazikika pakhosi pa munthu amene wagonana m'kamwa, chimakhazikikanso kotulukira chimbudzi kwa amene wagonana kumatako, ndipo m'malo awiriwa nthawi zambiri sichipweteka konse. Ndamvapo anthu akunena motsimikiza kuti kugonana m'kamwa kulibe vuto chifukwa sikubweretsa mimba. Zoona zake n'zakuti HIV siidutsa kawirikawiri m'njira imeneyi, koma chinzonono, chindoko, herpes ndi HPV zimadutsamo bwinobwino.

Mwamuna akatenga chinzonono, nthawi zambiri pasanathe masabata awiri amaona mafinya ndi kumva kuotcha pokodza. Kwa amayi nkhani ndi ina, chifukwa ambiri samva kanthu, kapena amangoona kusintha pang'ono kwa chinyezi n'kumaganiza kuti ndi zachilengedwe. Chlamydia ndiye imakhala chete kuposa pamenepo, kwa amuna ndi akazi omwe, ndipo ikhoza kukhala m'thupi miyezi yambiri ikudutsa kupita kwa aliyense amene munthuyo akugonana naye. Kukhala chete sikutanthauza kuti siikuwononga, pakuti mwa mayi imatha kukwera mpaka m'machubu odutsa mazira n'kusiyamo zipsera, ndipo zotsatira zake zimadzaoneka patapita zaka, pamene mimba ikukanika kubwera kapena yakhala kunja kwa chiberekero.

Njira yachiwiri ndi imene anthu ambiri saidziwa bwino, ndipo ndi yongokhudzana khungu ndi khungu, ngakhale popanda umuna kutuluka kapena chiwalo kulowa. Chindoko chimayamba ndi kachilonda kamodzi pamalo enieni pamene kachirombo kanalowera, kawirikawiri patatha pafupifupi masabata atatu. Kachilondako kamakhala kozungulira, kolimba m'mphepete mwake, koyera bwino pakati popanda mafinya ambiri, ndipo sikapweteka ngakhale mukakasindikiza ndi chala. Kakakhala mkati mwa maliseche a mayi, pansi pa khungu la kunsonga kwa chida cha abambo, kotulukira chimbudzi kapena m'kamwa, mwini wake sakaona. Komatu timadzi ta pakachilonda kameneka ndi todzaza ndi tizirombo, ndipo tikakhudza nembanemba kapena kamng'alu kakang'ono pakhungu la mnzake, ulendo watheka. Pakatha masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi kachilondako kamapola kokha popanda mankhwala, munthu n'kumati wachira, chikhalirecho kachirombo kalowa m'magazi. Kenako pamabwera zidzolo zosayabwa, zimene zimakonda kutuluka m'manja ndi kumapazi, pamodzi ndi timabala ta m'kamwa ndi kumaliseche timene timapatsiranso kwambiri. Zimenezinso zimatha zokha, ndipo matendawa amabisala kwa zaka asanadzaonekere mumtima, m'mitsempha kapena muubongo.

Herpes imadutsa m'njira yomweyo ya kukhudzana, koma ili ndi khalidwe lake. Vairasiyi ikalowa imakwera m'mitsempha n'kukakhala kumeneko moyo wonse wa munthu, ndipo nthawi ndi nthawi imatsikira pakhungu. Nthawi zina imabwera ndi matuza opweteka amene aliyense angawaone, koma masiku ambiri imatulukira pakhungu looneka labwinobwino, ndipo anthu ochuluka amaitenga pa masiku otere. WHO imawerengera kuti anthu pafupifupi 520 miliyoni a zaka 15 mpaka 49 ali ndi mtundu wachiwiri wa vairasiyi, umene umagwira kumaliseche, ndipo ambiri a iwo sanauzidwepo kuti ali nawo. Mtundu woyamba, umene umatulutsa matuza pamilomo, umadutsa popsompsonana, ndipo ukhoza kusamukira kumaliseche kwa mnzako pogonana m'kamwa.

HPV ndiye yofala kuposa onse, moti anthu ambiri amene anayamba zogonana amakumana nayo nthawi ina m'moyo wawo. Mwa anthu 9 pa 10 alionse thupi limaigonjetsa lokha pasanathe zaka ziwiri. Mitundu ya 6 ndi 11 imabweretsa njerewere za kumaliseche, pamene ya 16 ndi 18 imayambitsa pafupifupi 70 pa 100 iliyonse ya khansa ya khomo la chiberekero, mfundo imene Harald zur Hausen analandirira mphoto ya Nobel mu 2008. Kuchokera pamene vairasi yalowa kufikira pamene khansa ikuoneka pamadutsa zaka 15 mpaka 20 mwa mayi amene chitetezo cha m'thupi mwake chili bwino. Apa m'pamene ndimaona kuti maukwati ena amagwedezeka popanda umboni. Mayi akapezeka ndi HPV, kapena bambo akatuluka matuza a herpes koyamba, mnzake amangoti wandiyenda njomba posachedwapa, pomwe kachiromboko kakhoza kukhala kanalowa zaka zambiri awiriwo asanadziwane. Chinzonono cha mafinya chimaloza ku masiku apafupi, koma chindoko chopezeka m'magazi, herpes, HPV ndi HIV siziulula tsiku limene zinalowa.

Kusiyana kwa njira ziwirizi kumatithandiza kuiona kondomu moyenera, osainyoza komanso osaiyesa mpanda wotchinga chilichonse. Pa matenda oyenda m'madzi a m'thupi, monga HIV, chinzonono, chlamydia ndi trichomoniasis, kondomu imateteza kwambiri, malinga yavalidwa kuyambira pachiyambi penipeni, osati pamene umuna watsala pang'ono kutuluka, ndiponso malinga sinapakidwe mafuta odzola, amene amafoola mpira wake mpaka kung'ambika. Pa matenda oyenda pakhungu imachepetsa chiopsezo koma siichithetsa, chifukwa chilonda kapena vairasi ikhoza kukhala pamalo amene kondomu siifika, monga m'mphechepeche kapena pachinena. Ichi ndicho chifukwa chake katemera wa HPV, amene anayamba kuperekedwa mu 2006, amaperekedwa makamaka kwa atsikana a zaka 9 mpaka 14, kuti chitetezo chikhale chitakhazikika kale asanakumane ndi vairasiyo.

HIV imafuna kuti tiiganizire mofatsa, chifukwa ziwerengero zake zimasocheretsa amene amaziwerenga mothamanga. Bungwe loona za matenda la CDC la ku America limawerengera kuti pa maulendo 10,000 ogonana mosadziteteza ndi munthu amene ali ndi HIV ndipo sakumwa mankhwala, mayi amaitenga pafupifupi maulendo 8, mwamuna maulendo 4, pamene wolowedwa kumatako amaitenga maulendo 138, chifukwa nembanemba ya kumeneko ndi yopyapyala ndipo imang'ambika mosavuta. Wina akaona ziwerengerozi akhoza kunena kuti ndiye bola, mwayi wotenga ndi wochepa. Koma ziwerengerozi ndi zapakatikati, zosonkhanitsa anthu osiyanasiyana ndi nyengo zosiyanasiyana, ndipo chiopsezo cha munthu mmodzi pa tsiku limodzi chikhoza kuziposa kutali. Chimene chimalamula ndi kuchuluka kwa vairasi m'magazi ndi m'madzi a kumaliseche a wopatsirayo. M'masabata oyamba munthu atangotenga HIV, thupi limakhala lisanayambe kulimbana nayo, vairasi imachulukana mpaka mamiliyoni m'mililita imodzi ya magazi, ndipo imeneyi ndi nthawi imene iye amapatsira kwambiri. Ndi nthawinso imene amaoneka wathanzi, kapena amangomva kutentha thupi ndi zilonda za pakhosi ngati chimfine wamba.

Matenda ena opatsirana pogonana amatsegulira HIV khomo. Chilonda cha chindoko kapena cha herpes ndi mng'alu pakhungu, ndiponso pamalo otupa pamasonkhana maselo a chitetezo amene HIV imawafuna kuti ilowemo. Munthu amene ali ndi herpes ya kumaliseche amakhala pa chiopsezo chotenga HIV pafupifupi katatu kuposa amene alibe. Mbali inayo, munthu wa HIV amene sakumwa mankhwala akadwala chinzonono, vairasi imachuluka mu umuna wake kapena m'chinyezi chake. Tikamati chinzonono ndi kamatenda kongobayitsa jakisoni kamodzi, timaiwala kuti masiku onse amene chinali m'thupi, khomo linali lotsegula.

Pali mwambi umene anthu amakonda kutchula pochenjezana za nkhani imeneyi, wakuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Mwambiwu umanena zoona kuti maso sangaone za mkati, koma umatisiya ndi maganizo akuti wina akubisa dala, pamene nthawi zambiri mwini wakeyo sadziwa. Umaiwalanso kuti chiopsezo cha munthu sichichokera kwa yekhayo amene wagona naye, koma kwa onse amene mnzakeyo akugonana nawo m'nyengo yomweyo. Munthu amene amathetsa chibwenzi chimodzi asanayambe china amapereka mpata woti nyengo yoopsa ya masabata oyamba idutse kapena kuti matenda aonekere n'kuchizidwa. Koma amene ali ndi zibwenzi ziwiri nthawi imodzi amatenga kachirombo kuno lero, mawa n'kukakatula uko kakadali ndi mphamvu zonse. Motero munthu wokhulupirika, amene sanadziwepo wina aliyense, akhoza kupezeka ali kumapeto kwa mzere wautali wa anthu amene sanawaonepo.

Popeza chimene chimalamula ndi kuchuluka kwa vairasi, ndiye kuti kuichepetsa kumadula njira. Kafukufuku wa HPTN 052 anasonyeza mu 2011 kuti kuyamba msanga kumwa ma ARV kunachepetsa kupatsirana pakati pa okwatirana ndi 96 pa 100 iliyonse. Kafukufuku wa PARTNER, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016 ndi 2019, analondola maulendo ogonana popanda kondomu oposa 100,000 pakati pa anthu amene mmodzi anali ndi HIV yoponderezedwa ndi mankhwala, ndipo sanapeze ngakhale mmodzi amene anaitenga kwa mnzakeyo. Izi zikutembenuza maganizo amene ambiri tinakula nawo: munthu amene akudziwa kuti ali ndi HIV, akumwa mankhwala mwandondomeko ndipo vairasi yake siikupezekanso poyeza magazi sapatsira mnzake pogonana, pamene amene sanayezetse ndipo amadziyesa wabwinobwino ndiye angakhale woopsa. Amene alibe HIV ali ndi mankhwala a PrEP omwa kapena obaya asanakumane ndi vairasi, ndiponso a PEP, amene ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 chichitikireni ngozi yokumana ndi vairasiyo n'kumwedwa masiku 28. Mdulidwe wa abambo wa kuchipatala, malinga ndi kafukufuku wa ku Orange Farm ku South Africa, Kisumu ku Kenya ndi Rakai ku Uganda pakati pa 2005 ndi 2007, umachepetsa ndi pafupifupi 60 pa 100 mwayi woti mwamuna atenge HIV kwa mkazi. Zonsezi ndi za HIV yokha, ndipo ma ARV kapena PrEP sizitchinga chindoko ndi chinzonono.

Njira ya magazi siifuna kugonana konse. Jakisoni wobayira anthu angapo, singano zoboolera kapena zolembera pakhungu, ndi lezala lometera anthu awiri zikhoza kunyamula HIV ndi hepatitis B. Mwa ziwirizi, hepatitis B ndiyo yolimba, chifukwa imakhala ndi moyo m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kuposerapo, ndipo imapatsirana mosavuta kuposa HIV maulendo 50 mpaka 100. Udzudzu, umene anthu amafunsa kawirikawiri, supatsira HIV, popeza vairasiyi siichulukana m'thupi mwake, ndipo poluma umalavulira malovu ake, osati magazi a munthu amene unaluma kale.

Njira imene imandimvetsa chisoni kwambiri ndi ya mayi kupatsira mwana, chifukwa imadutsa mwa amayi amene sanadziwe kuti akudwala, pamenenso ndi imene ingatsekedwe mosavuta. Chindoko chimadutsa pa nsengwa mwana akadali m'mimba, ndipo chimachititsa kupita padera, kubereka mwana wakufa kapena wodwala chibadwire. WHO inawerengera kuti mu 2022 amayi oyembekezera 1.1 miliyoni anali ndi chindoko, ndipo mimba zoposa 390,000 zinathera m'mavuto otere, pomwe kuyeza magazi kusikelo ndi jakisoni wa penisilini woperekedwa msanga zikanateteza ana ambiri mwa amenewa. Chinzonono ndi chlamydia zimadikirira mwana panjira pobadwa n'kumulowa m'maso. Pakangopita masiku ochepa zikope za khandalo zimatupa, zimafiira ndi kumatana ndi mafinya, ndipo chinzonono chikapanda kuchizidwa chimaboola diso mwana n'kuchita khungu. Dokotala Carl Credé wa ku Leipzig ndiye anayambitsa, cha m'ma 1880, mchitidwe wodonthezera mankhwala m'maso mwa mwana aliyense wongobadwa, umene zipatala zambiri zikuutsatirabe ndi mankhwala amakono. HIV ikhoza kudutsa m'mimba, pobereka kapena poyamwitsa, ndipo popanda mankhwala ana 15 mpaka 45 pa 100 alionse amaitenga, chiwerengero chimene chimatsika kufika pansi pa 5 mayi akamamwa ma ARV. Hepatitis B ikalowa mwa khanda, pafupifupi 9 pa 10 alionse amakhala nayo moyo wonse, n'chifukwa chake katemera woyamba amayenera kuperekedwa pasanathe maola 24 mwana atabadwa.

Kuyezetsa ndiye njira yokhayo yodziwira, komabe nakonso kuli ndi nthawi yake. Zipangizo zoyezera HIV mwachangu ndi kadontho ka magazi a pachala zimafufuza asilikali amene thupi limapanga polimbana ndi vairasi, ndipo asilikaliwa amatenga masiku 23 mpaka 90 kuti aonekere. Munthu amene wayezetsa sabata imodzi chigonanireni mosadziteteza n'kuuzidwa kuti alibe HIV sanamve yankho la tsiku lija, ndipo akhoza kukhala ali m'kati mwa nyengo imene amapatsira kwambiri. Ayenera kubwereranso miyezi itatu ikatha.

Kuchira chinzonono, chlamydia, chindoko kapena trichomoniasis sikusiya chitetezo m'thupi, choncho munthu akhoza kutenganso matenda omwewo usiku wotsatira. Izi zimachitika kwambiri m'nyumba momwemo: bambo amalandira mankhwala chifukwa waona mafinya, mayi amene sakumva kanthu satengedwa kupita kuchipatala, ndipo pakapita masabata ochepa bambo uja amabwereranso ndi vuto lomwelo n'kumadandaula kuti mankhwala sanagwire ntchito. N'chifukwa chake achipatala amapempha kuti onse amene munthu wagonana nawo posachedwa alandire mankhwala ngakhale akupeza bwino, ndiponso kuti awiriwo adikire masiku 7 atamaliza mankhwala asanagonanenso. Pa chinzonono pali chifukwa china choumirira zimenezi. Kachirombo kake kakakhala pakhosi kamasinthana majini (tinthu ta chibadwa tolamula khalidwe la kachirombo) ndi tizirombo tina ta mtundu wake timene timakhala pamenepo mwachilengedwe, ndipo mankhwala ogula mwachisawawa kapena osamalizidwa amapha tofooka n'kusiya tolimba. Mwa njira imeneyi chinzonono chinasiya kumva penisilini, tetracycline ndi ciprofloxacin, ndipo mu 2018 ku Britain ndi ku Australia kunapezeka anthu amene chinzonono chawo chinakana ceftriaxone ndi azithromycin yemwe, mankhwala amene madokotala ankadalira pomalizira. Chimene munthu wochizidwa mwatheka amapatsira mnzake ndi kachirombo kamene kapulumuka kale mankhwala, ndipo amene wakalandirayo amayamba matenda ake ndi mankhwala ochepa omwe angamuchize.